Kuyeza kuwala mukamanga lenzi yakale pa kamera ya dijito

Lenzi yakale, ya m'nthawi ya filimu, ndi galasi ndi chitsulo basi. Kumbuyo kwake kulibe timadontho tamkuwa timene malenzi a masiku ano amalankhulira ndi kamera, choncho mukaimanga pa kamera ya dijito, kamerayo sidziwa kuti lenziyo ndi ya mamilimita angati, sidziwa ngati bowo lolowera kuwala mwalitsegula kapena mwalichepetsa, ndipo nthawi zina sizindikira n'komwe kuti kutsogolo kwake kuli lenzi. Pamalo pamene munazolowera kuona nambala ya aperture, yosonyeza kukula kwa bowolo, pamangooneka F-- kapena 00. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti mita yoyezera kuwala yafa, pamene pa makamera ochuluka mitayo imakhala ikuona bwinobwino, kungoti palibe amene akuiuza zimene lenziyo ichite pa nthawi yojambula. Udindo umenewo tsopano wagwera inu, ndipo mukamatsatira dongosolo limodzi nthawi zonse, kupeza kuwala koyenera, kumene ojambula amati exposure, sikuvuta.

Ndi bwino kuyamba mwadziwa chimene chatayika. Pa makamera ambiri, lenzi yamakono imakhala yotsegula kwathunthu nthawi yonse imene mukuyang'ana chinthu chofuna kujambula, ngakhale mutasankha f/11. Kamera imayeza kuwala kumene kukudutsa pa bowo lotsegulalo, n'kuwerengera yokha mmene kuwalako kuchepere bowolo likafika pa f/11, ndipo imalichepetsa pa kamphindi kamene mwadina batani. Lenzi yakale ikakhala pa adaputa wamba, masamu amenewa sachitika. Mukatembenuza mphete ya aperture, timasamba tachitsulo ta m'kati mwa lenzi timatsekeka nthawi yomweyo, ndipo mita imayeza kuwala kwenikweni kumene kwafika, osati kumene ikuyembekezera. Njira imeneyi imatchedwa stop-down metering, ndipo lamulo lake ndi limodzi: muziyamba mwaika bowo pamene mukulifuna, kenako n'kuyeza. Mukayeza bowo lili pa f/2, n'kulichepetsa mpaka f/8 osayezanso, chithunzi chidzalandira gawo limodzi lokha mwa magawo 16 a kuwala kumene chimafunika.

Nambala za pa mpheteyo zimayenda motere: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16, 22. Kuchoka pa nambala imodzi kupita pa yotsatira kumachepetsa kuwala ndi theka, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumatchedwa stop, koma m'nkhani ino tizikutcha sitepe. Liwiro la shutter, kachitseko kamene kamatsegulira kuwala pa kamphindi kojambula, limayendanso chimodzimodzi, chifukwa 1/250 imalowetsa theka la kuwala kwa 1/125, ndipo pa ISO, nambala ya mmene sensa imamvera kuwala, ISO 400 imawalitsa chithunzi ndi sitepe imodzi kuposa ISO 200. Mphete zambiri zakale zimagunda pa sitepe iliyonse, zina pa theka la sitepe, ndipo ndi nzeru kuphunzira kuwerenga kugundako ndi zala, popeza diso likakhala pa kamera simudzaiona nambala imene mpheteyo yaimapo.

Yambani ndi lenzi ili m'manja

Musanaimange, chotsani zivundikiro zonse ziwiri, lozetsani lenziyo poyera, ndipo tembenuzani mphete ya aperture kuchokera pa nambala yaing'ono kufika pa yaikulu uku mukusuzumira. Mukufuna kuona ngati bowo likucheperadi. Pa malenzi ambiri silichepa, ndipo sikuti awonongeka, koma anapangidwa kuti azidikira kamera kuti ikankhe kachitsulo kena kumbuyo kwawo. Malenzi a M42, amene amamangidwa mochita kupota ngati sikuluu ndipo ulusi wake ndi wa mamilimita 42, ambiri ali ndi kamsomali kakang'ono kumbuyo kamene kamayenera kudinidwa kuti timasamba titseke. Ena, monga ma Takumar ambiri, ali ndi kaswitchi kosankhira Auto kapena Manual, ndipo mukakaika pa Manual vutolo limatheratu. Amene alibe kaswitchiko amafunika adaputa yokhala ndi mlomo wa m'kati umene umadina kamsomaliko lenzi ikalowa mpaka pamapeto.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Ndinajambula masana athunthu ndi lenzi ya M42 yopanda kaswitchi, mphete ili pa f/8, pa adaputa yopanda mlomo. Popeza kamera inali pa A, inkasankha liwiro logwirizana ndi kuwala kumene kunkalowadi, ndipo zithunzi zonse zinkaoneka zowala bwino pa sikirini ya kumbuyo. Nditaziika pa kompyuta ndi pamene ndinaona kuti pa chithunzi chilichonse munthu mmodzi yekha ndiye anali kuoneka bwino, ena onse a kumbuyo kwake ali mbuu, chifukwa bowo linali lotsegula kwathunthu kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Chizindikiro chinalipo, kungoti sindinachiwerenge: nditatembenuza mphete kuchoka pa f/2 kufika pa f/8, liwiro la shutter silinasinthe ngakhale pang'ono, pamene linayenera kutsika ndi masitepe anayi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamanga lenzi iliyonse ndimayamba ndatembenuza mpheteyo uku ndikuyang'ana nambala ya shutter, ndipo ikapanda kusuntha ndimadziwa kuti pali china chimene sichinagwirane.

Malenzi a Canon FD, amene anayamba kutuluka mu 1971, amafunika adaputa yokhala ndi mphete yakeyake, kawirikawiri yolembedwa Lock ndi Open, ndipo timasamba timamvera mphete ya aperture pokhapokha ya adaputayo ikatembenuzidwira mbali yoyenera. Palinso malenzi a mtundu wa preset, monga Helios 44-2 ya mamilimita 58 ndi f/2, amene ali ndi mphete ziwiri. Yoyamba, yogunda, imangoika malire a pamene bowo lidzaime, ndipo yachiwiri, yoyenda mosalala, ndi imene imatsegula ndi kutseka bowolo pakati pa kutsegula kwathunthu ndi malirewo. Kwa amene akugwiritsa ntchito kamera ya dijito, mapangidwe amenewa ndi abwino kuposa ena onse, chifukwa mungathe kuika fokasi bowo lili lotsegula, kenako n'kupotoza mphete yachiwiriyo mpaka itaima, osachotsa diso pa kamera.

Yang'ananinso timasambato ngati tili ndi mafuta. Timasamba tathanzi timakhala touma ndipo timatseka mofulumira, koma tamafuta timanyezimira ndipo timayenda mwaulesi. Pa adaputa wamba ulesi umenewu suvuta kwambiri, popeza bowo limakhala litatseka kale musanajambule, koma pa kamera imene imatseka bowo yokha pa kamphindi kojambula, timasambato sitifika pamalo pake nthawi yabwino ndipo chithunzi chimawala mopitirira. Eni makamera a Nikon okhala ndi kalilole asamale pa chinthu chinanso: malenzi a Nikon F opangidwa chisanafike chaka cha 1977, amene sanasinthidwe kukhala a AI, mtundu umene unayamba chaka chimenecho, angathe kupinda kapena kuthyola kachitsulo kowerengera aperture pa makamera amene ali nako, choncho musawakakamize.

Konzani kamera

Makamera ambiri opanda kalilole amakana kujambula akaona ngati palibe lenzi, ndipo muyenera kuwaloleza mu menyu. Pa Sony mawu ake ndi Release w/o Lens, pa Fujifilm ndi Shoot Without Lens, pa Canon ndi Release shutter without lens. Mukatero, onetsetsani kuti sikirini ikuonetsa chithunzi monga mmene chidzatulukire, osati chowalitsidwa kuti chingooneka bwino m'maso. Sony imazitcha Setting Effect ON, Canon imati Exposure simulation. Mukaiwala zimenezi, sikirini imadziwalitsa yokha nthawi iliyonse imene mwachepetsa bowo, ndipo mudzakhulupirira kuti zonse zili bwino mpaka mutaona chithunzi chakuda bii. Yatsaninso histogram, galafu yosonyeza kuchuluka kwa malo akuda ndi owala m'chithunzi, kuti izioneka mukamayang'ana, ndipo ngati kamera yanu ili ndi mizere yochenjeza yotchedwa zebra, iyatseni nayonso.

Ngati kamerayo ili ndi sensa yoyenda imene imachepetsa kunjenjemera kwa manja, iuzeni mamilimita a lenzi, ndipo mulembe nambala imene ili pa lenziyo, osati yochulukitsa ndi kukula kwa sensa. Nambala yolakwika imachititsa kuti sensa igwedezeke mopitirira kapena mopereŵera, ndipo chithunzi chimaipa kuposa mukanaizimitsa.

Pa gudumu losankhira kajambulidwe, siyani P ndi S, imene pa Canon ndi Tv, chifukwa njira ziwirizi zimadalira kuti kamera izisintha bowo yokha, chinthu chimene singathe kuchita ndi lenzi imeneyi. Zotsala ndi A, kapena Av, ndi M. Pa A, inu mumaika bowo pa mphete, kamera n'kusankha liwiro la shutter, ndipo mukafuna kuwalitsa kapena kudetsa chithunzi mumagwiritsa ntchito gudumu la exposure compensation. Pa M mumasankha zonse nokha uku mukuyang'ana kamuvi ka mita. Ine ndimakonda A pamene kuwala kukusinthasintha, monga tsiku la mitambo yoyenda, ndipo ndimapita pa M pamene kuwala kwakhazikika, chifukwa pamenepo palibe chifukwa choti kamera iziganiza mwatsopano pa chithunzi chilichonse kungoti munthu wovala zoyera walowa m'malo mwa wovala zakuda.

Za kayezedwe, ndikulangiza kuti muyambe ndi centre-weighted, kamene kamalemekeza kwambiri pakati pa chithunzi. Kayezedwe koyang'ana chithunzi chonse, kotchedwa matrix kapena evaluative, pa makamera ena kamadalira zimene lenzi yanena, ndipo malenzi akale akakhala otsegula kwathunthu amadetsa m'makona, zimene zingakokere mita kumbali. Kayezedwe ka pakati ndi kosavuta kukaphunzira khalidwe, ndipo mukadziwa pamene kamalakwa mumakakonza musanajambule.

Dongosolo la chithunzi chilichonse

Tsegulani bowo kwathunthu n'kuika fokasi. Pa bowo lotsegula chithunzi chimakhala chowala ndipo malo ooneka bwino amakhala ochepa, moti n'kosavuta kuona pamene fokasi yagwera. Mukakhutira, chepetsani bowo kufika pamene mukufuna, mukuwerenga kugunda kwa mphete. Malenzi ena amasuntha fokasi pang'ono akachepetsedwa, makamaka a f/1.4, choncho ngati mukujambula chinthu chapafupi, kuzani chithunzi pa sikirini n'kutsimikiza fokasiyo bowo litachepa kale. Pokhapo ndi pamene muyenera kuyang'ana mita.

Mukaona liwiro limene kamera yasankha, dzifunseni ngati manja anu angalikwanitse. Muyezo wakale umati liwiro lisachepere pa 1 kugawa ndi mamilimita a lenzi, kutanthauza kuti lenzi ya mamilimita 50 imafuna 1/60 kapena kufulumirapo. Pa sensa yocheperapo ya APS-C muchulukitse mamilimitawo ndi 1.5, kapena 1.6 pa Canon, ndipo pa Micro Four Thirds muchulukitse ndi 2, moti lenzi ya mamilimita 135 pa APS-C imafuna pafupifupi 1/250. Kuchulukitsa kumeneku kumakhudza kunjenjemera ndi kukula kwa malo olowa m'chithunzi, koma sikukhudza kuwala: f/2.8 imafuna liwiro ndi ISO zomwezo pa sensa yaikulu ndi yaing'ono. Msampha uli pa Auto ISO. Popeza kamera sidziwa kuti lenzi yanu ndi yaitali, ingathe kuona kuti 1/60 ndi yokwanira n'kusiya ISO ili pansi, ndipo zithunzi zonse zidzawala bwino koma zili zogwedezeka. Njira yopewera ndi kuika nokha liwiro lotsikitsitsa mu menyu ya Auto ISO, kapena kupita pa M, kusankha liwiro, kuika bowo pa mphete, n'kusiya ISO yokha kuti iziyenda. Njira yomalizayi ndi yothandiza kwambiri pojambula anthu oyenda m'chipinda chosawala mokwanira.

Tsopano pakubwera mbali imene imafuna maso anu kuposa mbali ina iliyonse. Mita ya m'kamera sidziwa chimene ikuyang'ana. Chilichonse chimene mwailozetsa imayesa kuchisandutsa chotuwa chapakatikati, chofanana ndi khadi lotuwa limene limabweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Mukailozetsa khoma loyera, idzachepetsa kuwala mpaka khomalo litatuwa, ndipo mukailozetsa jekete lakuda, idzawonjezera kuwala mpaka jeketelo litatuwanso, nkhope ya mwini wake itayera mopitirira. Choncho pamene zoyera zachuluka muwonjezere sitepe imodzi kapena ziwiri, ndipo pamene zakuda zachuluka muchepetse pafupifupi sitepe imodzi. Munthu akaima kutsogolo kwa windo, mita imatengeka ndi kuwala kwa panja n'kumusiya ali mthunzi wokhawokha. Pamenepo yandikirani mpaka nkhope itadzaza pakati pa chithunzi, yezani, tsekerani muyezowo ndi batani la AEL kapena muulembe pa M, kenako bwererani pamalo panu n'kujambula.

Mukajambula, musadalire mmene chithunzi chikuonekera pa sikirini, chifukwa padzuwa sikirini imaoneka yakuda ndipo usiku imaoneka yowala kuposa mmene chithunzicho chilili. Yang'anani histogram. Kumanzere kwake ndi malo akuda, kumanja ndi malo owala, ndipo phiri limene laonekalo likakanikizika ku khoma la kumanja, ndiye kuti pali malo amene ayera kotheratu ndipo mulibenso kanthu. Pa dijito, mithunzi yakuda pang'ono ingathe kuwalitsidwa pa kompyuta, ngakhale kuti timadontho timachulukirapo, koma malo oyera kotheratu sabwerera. N'chifukwa chake ndimati mukakayika, tetezani malo owala amene ndi ofunika, monga chipumi, chovala choyera kapena mitambo, koma musavutike ndi babu kapena kunyezimira kwa dzuwa pa chitsulo, popeza zimenezo zimayera mulimonse. Kumbukiraninso kuti histogram ya m'kamera imachokera pa chithunzi cha JPEG, choncho mukamajambula RAW, fayilo imene kamera sinaikonze, mumakhala ndi mpata wowonjezera pang'ono kumbali yowala.

Malenzi akale ali ndi khalidwe lina limene limasokoneza anthu pa histogram. Ambiri a iwo, makamaka amene magalasi awo anapakidwa utoto woteteza kunyezimira kamodzi kokha, sasiyanitsa kwambiri zakuda ndi zoyera, moti phiri lonse limaunjikana pakati osafika m'mphepete. Kumeneko si kulakwitsa kuyeza, ndipo simungakukonze posintha liwiro. Dzuwa likawomba galasi lakutsogolo, ngakhale lisakuoneka m'chithunzi, kuwala kumamwazika m'kati mwa lenzi n'kuphimba chithunzi chonse ngati chifunga, ndipo mita imaona ngati kuwala kwachuluka n'kuchepetsa. Tchingani lenziyo ndi chotchingira dzuwa chotchedwa hood kapena ndi dzanja, ndipo mudzaona zakuda zikubwerera pamalo pake, nambala ya mita n'kusinthanso.

Makamera okhala ndi kalilole

Pa makamera opanda kalilole, sensa yojambula ndi yomweyo imene imayeza kuwala, n'chifukwa chake amagwirizana bwino ndi malenzi akale. Pa DSLR, kamera ya dijito yokhala ndi kalilole, mita ndi kachipangizo kapadera kamene kamayang'ana galasi la fokasi la pamwamba pa kalilole, ndipo galasi limeneli silipereka kuwala mofanana pa mabowo onse. Ndi lenzi yake, kamera imadziwa kukonza kusiyanako, koma ndi lenzi yosalankhula sikonza, moti muyezo ungakhale wolondola pa f/2.8 n'kusokera pa f/11. Eni makamera a Canon EOS amene amamanga malenzi a M42 kapena Olympus OM amakumana nazo kawirikawiri. Chithandizo chachidule ndi kuyezera pa live view, mukuyang'ana pa sikirini ya kumbuyo, popeza pamenepo kalilole amakhala atakwera ndipo sensa ndi imene ikuyeza. Chinanso, bowo likachepa kwambiri, kuwala kolowera kumbuyo, pa kawindo kosuzumira, kumayamba kupikisana ndi kolowera kutsogolo, choncho kamera ikakhala pa miyendo itatu ndipo diso lanu palibe, phimbani kawindoko.

Pa makamera ake okhala ndi kalilole, Nikon inasunga mlomo womangirapo lenzi wa F kuyambira mu 1959, choncho malenzi a AI ndi AI-S amalowa popanda adaputa, koma si makamera onse amene amawayeza. Makamera monga D7000, D7200, D700 ndi D750 ali ndi kachitsulo kamene kamatsatira mphete ya aperture, ndipo mukalemba mamilimita ndi bowo lalikulu la lenzi pa Non-CPU lens data, amayeza bowo lili lotsegula ngati kale, amaonetsa nambala ya f, ndipo A ndi M zimagwira ntchito. Makamera a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe kachitsuloko, moti amajambula pa M pokha ndipo mita imakhala chete.

Pentax ili ndi njira yakeyake. Malenzi a K amene ali ndi chilembo cha A pa mphete amagwira ntchito ngati amakono mukaika mpheteyo pa A. Kwa akale opanda chilembocho, yambani mwaloleza kugwiritsa ntchito mphete ya aperture mu menyu, ikani kamera pa M, sankhani bowo pa mphete, kenako dinani batani lobiriwira. Kamera imatseka bowo kwa kamphindi, kuyeza, n'kuika liwiro. Mukasintha bowo kapena kuwala kukasintha, dinaninso. Mukaika kamera pa Av ndi malenzi amenewa, idzajambula bowo lili lotsegula kwathunthu ngakhale mphete italoza f/16.

Pamene mita palibe

Kamera ikakhala kuti siyeza, kapena mukafuna kudziwa poyambira musanaiyatse n'komwe, gwiritsani ntchito muyezo wakale wa dzuwa ndi 16. Dzuwa likamawala bwino, mithunzi ili yakuthwa, ikani bowo pa f/16 ndipo liwiro likhale lofanana ndi ISO, kutanthauza kuti pa ISO 100 muike 1/100 kapena 1/125. Kukakhala timitambo topyapyala, mithunzi itafewa m'mphepete, tsegulani mpaka f/11. Mithunzi ikamaoneka movutikira pitani pa f/8, ikasowa kotheratu pitani pa f/5.6, ndipo pamthunzi kapena dzuwa likamalowa yambani pa f/4. Kuchokera pamenepo mungathe kusinthanitsa sitepe ndi sitepe: f/16 pa 1/125 ndi chimodzimodzi f/11 pa 1/250, f/8 pa 1/500, f/5.6 pa 1/1000, f/4 pa 1/2000, f/2.8 pa 1/4000 ndi f/2 pa 1/8000. Mndandanda umenewu ukusonyeza chinthu chimene chimakhumudwitsa ambiri amene amagula lenzi yakale chifukwa cha bowo lake lalikulu: masana a dzuwa, kamera imene imalekezera pa 1/4000 singathe kujambula pa f/2 popanda kuwala kusefukira, pokhapokha mutavalika lenziyo fyuluta ya ND yochepetsa kuwala. Jambulani chithunzi chimodzi choyesera, onani histogram, konzani, ndipo kawirikawiri chachiwiri chimakhala cholondola.

Mukamagwiritsa ntchito muyezo umenewu kapena mita ya m'manja, kumbukirani kuti zonse ziwiri sizidziwa zimene zili pakati pa galasi lakutsogolo ndi sensa. Teleconverter ya 2x, galasi lowirikiza mamilimita a lenzi, imadya masitepe awiri, fyuluta ya polarizer yochepetsa kunyezimira imadya sitepe imodzi ndi theka kapena ziwiri, ndipo mukatalikitsa lenzi ndi machubu mpaka chinthu chitaoneka pa sensa mu msinkhu wake weniweni, mumataya pafupifupi masitepe awiri. Focal reducer ya 0.71x, adaputa yokhala ndi galasi lochepetsa mamilimita a lenzi, imachita zosiyana, imawonjezera sitepe imodzi. Malenzi ena akale, monga ma Super-Takumar ena a 50mm f/1.4 amene galasi lawo lili ndi thorium, amasanduka achikasu pakapita zaka ndipo amalowetsa kuwala kocheperapo kuposa mmene nambala yawo ikunenera. Mita ya m'kamera imaziona zonsezi yokha, chifukwa imayeza kuwala kutadutsa kale, koma mukamawerengera pamtima muyenera kuziwonjezera nokha.

Fulashi ya TTL, imene kamera imaiyezera mphamvu yokha, siidalirika nthawi zonse ndi malenzi amenewa, ndipo n'kwapafupi kuiika pa manual. Liwiro lisapitirire malire a fulashi pa kamera yanu, amene kawirikawiri ndi 1/200 kapena 1/250, ndipo bowo mumalipeza pogawa guide number, nambala yosonyeza mphamvu ya fulashi, ndi mtunda: fulashi ya guide number 32 pa ISO 100, munthu ali pa mtunda wa mamita 4, imafuna f/8. Mafulashi ena akale kwambiri amatulutsa mphamvu yamagetsi yochuluka pa phazi lawo imene ingawononge kamera ya dijito, choncho musawamange musanatsimikize.

Yesani lenzi iliyonse kamodzi

Theka la ola limene mungathere pa ntchito imeneyi lidzakupulumutsani ku kukayika kwa miyezi yambiri. Ikani kamera pa miyendo itatu moyang'ana khoma la mtundu umodzi limene kuwala kwake sikukusintha, khazikitsani ISO pa nambala imodzi, ndipo pa M yezani bowo lili pa f/5.6. Tiyerekeze kuti mita yapereka 1/125. Jambulani, kenako pitirizani osayang'ananso mita: f/8 pa 1/60, f/11 pa 1/30, f/16 pa 1/15, ndipo kumbali inayo f/4 pa 1/250, f/2.8 pa 1/500, f/2 pa 1/1000. Ngati mphete ndi timasamba zili bwino, nsonga ya histogram idzaima pamalo amodzi pa zithunzi zonse. Chithunzi cha bowo lotsegula kwathunthu chikadera pang'ono, makamaka m'makona, musadabwe, popeza pafupifupi malenzi onse amatero. Koma zithunzi za f/11 ndi f/16 zikamawala kuposa zinzake, ndiye kuti timasamba sitikutseka kufika pamene nambala ikunena.

Bwerezani ntchito yomweyo kamera ili pa A, mukuilola kusankha liwiro yokha. Ulendo woyamba munali kuyesa lenzi, ulendo uno mukuyesa mita. Ngati zithunzi zikunka ziwala kapena zikunka zida pamene bowo likuchepa, lembani kuchuluka kwa kusiyanako pa bowo lililonse. Ine ndimamata kapepala m'kati mwa chivundikiro cha lenzi, polembedwa mwachitsanzo kuti pa f/11 ndichepetse magawo awiri mwa atatu a sitepe, ndipo ndimalembanso dzina la kamera imene ndinayesera, chifukwa lenzi yomweyo pa kamera ina imapereka zotsatira zina.

Popeza kamera sisunga nambala ya bowo m'chithunzi, mukadzafuna kudziwa chifukwa chimene chithunzi china chinatulukira bwino simudzapeza yankho mu EXIF, zolemba zimene kamera imasunga mu fayilo ya chithunzi, mudzangopezamo liwiro ndi ISO. Makamera ena amalola kulemba dzina kapena mamilimita a lenzi mu menyu, ndipo zimenezo zimathandiza kudziwa lenzi imene munagwiritsa ntchito, koma bowo muyenera kulisunga nokha. Njira imene yandikhalitsa ndi kujambula mphete ya aperture ndi foni nthawi iliyonse imene ndasintha bowo pa ntchito yofunika, nditayamba ndaonetsetsa kuti wotchi ya foni ndi ya kamera zikugwirizana, kuti pambuyo pake ndidzangofananiza nthawi za zithunzizo.